Nkhata ya Mwana Wachisanu

"Fufuta."

"Sindifufuta, amalume."

"Ndati fufuta dzina limenelo! Kodi m'makutumo mwalowa thonje?"

Amalume anga a Malizani anamenya tebulo ndi chikhatho mpaka makapu a tiyi analumpha. Linali Lamlungu masana, m'nyumba mwawo ku Bangwe, titangobwera kutchalitchi. Panatsala masabata atatu kuti tikavundukule chiliza cha agogo awo a Ambrosi kumanda a ku Misesa. Ine poti ndine mphunzitsi, banja linandipatsa ntchito yolemba mbiri ya malemu yoti ikawerengedwe pamwambowo. Iwo ankayesa ndingokopera zija takhala tikumva chibadwire: kuti a Ambrosi anali kapitawo wamkulu pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, kuti ankayankhula ndi azungu osavula chipewa, kuti njala ya 1949 inadutsa pakhomo pawo osagogoda. Koma ine mbiri ya munthu sindilemba ndili khale pampando. Ndinakwera minibasi mpaka kumishoni komwe ankapemphera, akatekisiti n'kunditsegulira buku lakale la maubatizo, lodyeka ndi njenjete m'mbalimu.

"Ana a agogo analipo anayi," anatero amalume, akupinda zala. "Onesimo, Filipo, Roza, ndi amayi anga a Agata, agogo ako iwe Lilian. Anayi. Onse anagona. Pamwala tazokota anayi."

"M'buku muli asanu," ndinayankha ndikutsegula foni. "Ndajambula tsamba lake, onani nokha. Veronica, wobadwa 1950. Bambo, Ambrosi, kapitawo. Mayi, Muhaniwa, wachikunja. Veronica ameneyu ndi uti, amalume? M'banja muno muli ma Veronica angati?"

Anti Olive, akazi a amalume, anaseka kaseko kawo kaja kotulukira m'mphuno. "Ansembe akale ankalemba zilizonse, mwana iwe. Mwana akabadwira pakhomo pa kapitawo ankangoti ndi wa kapitawo."

Nthawi yomweyo chitseko cha kukhitchini chinatseguka, a Vero n'kulowa ndi thireyi kudzatola makapu.

A Vero ndi mayi wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi, wamfupi, msana wopindika. Ndiwo anabereka amalume kumsana ali khanda. Ndiwo analera mayi anga malemu, n'kulera ine, n'kulera ana a amalume, lero akuchapa matewera a zidzukulu. Amagona m'kachipinda ka kuseri pamodzi ndi matumba a makala. Pakhomopo palibe amawatchula kuti agogo, ngakhale mwana wa ku nazale amangoti, "A Vero, ndipatseni madzi." Ine ndinakula ndikudziwa kuti ndi antchito amene banja linawasunga mwachifundo. Manyazi amandigwira kunena, koma nanenso ndinawatumapo kukandipukutira nsapato.

Anatola makapu aja imodziimodzi, osayang'ana munthu, n'kutuluka.

"Wawaona?" anatero amalume motsitsa mawu. "Akudandaula? Akugona ndi njala? Tawasunga zaka zonsezi."

"Mwawasunga kapena akusungani ndi iwo?"

"Iwe! Pakamwa pako!"

"Ndingofunsa funso limodzi, mundiyankhe ngati mkulu wa mphakati amene mumatiphunzitsa choona. A Vero ndi mayi anu aang'ono, inde kapena ayi?"

Amalume anayang'ana chithunzi cha a Ambrosi chili pakhoma, chija avala kabudula wa khaki ndi masokosi ofika m'mawondo. "Lilian, bongololo sadzolera mafuta pagulu."

"Ndiye mukuvomera kuti mafutawo alipo."

"Kwathu kuno mwana ndi wa kwa mayi ake," anakuwa. "Mwambo umenewo sunayambe ndi ine. Ngati akufuna abale, akawafune kwa amayi awo."

"Kwa amayi awowo n'kuti?"

Anayankha ndi anti Olive, akupukuta tebulo pomwe tiyi anatayikira. "Ndani angadziwe kwawo kwa Anguru aja? Ankangotulukira m'tchire ndi timitolo pamutu, opanda mudzi, opanda manda. Ufuna tikaime pamaso pa mpingo wonse n'kumati ndife pachibale ndi zimenezo?"

Ndinanyamula chikwama n'kutuluka osatsanzika, chifukwa ndikanakhala mphindi ina ndikanatukwana munthu wamkulu pa Sabata.

A Vero ndinawapeza pampopi kuseri, akutsuka makapu aja.

"Wayatsa moto, Lilian," anatero osadzutsa mutu. "Iwe ukapita kwanu ku Chilomoni, utsi utsalira ine."

"Munkadziwa kuti a Ambrosi ndi bambo anu?"

"Ndani sankadziwa? Mphuno iyi ndinaiba kuti?" Anatsukuluza kapu. "Koma kunena kunali kosaloledwa. Tsiku lina ndili wamng'ono ndinawaitana kuti ababa, monga ankaitanira anzanga. Akazi awo anandithira phala lamoto pamwendo apa. Kuyambira pamenepo ndinkati bwana."

"Nanga amayi anu a Muhaniwa, mumawakumbukira?"

Kapu inagwera m'beseni. A Vero anawongoka pang'onopang'ono mpaka pomwe msana wawo umalekezera.

"Wati ndani?"

"A Muhaniwa. Dzinali lili m'buku, kutsogolo kwa mawu aja oti wachikunja."

"Muhaniwa," anatero, ngati akulawa chakudya chachilendo. "Muhaniwa. Ndiye linali limenelo?"

Apa m'pamene ndinazindikira kuti mayi wa imvi mbuu ameneyu sankadziwa dzina la mayi ake omubereka. Anamwalira iye ali ndi zaka zitatu, ndipo pakhomo ponse ankangoti "Mnguru uja." Zaka makumi asanu ndi awiri, anthu akudya zophika zake, akupita kukalandira ukalistia Lamlungu lililonse, palibe mmodzi anaganiza zomuuza dzina la mayi ake. Ndinalira ndi mkwiyo, osati chisoni.

"Ine palibe chomwe ndikudziwa," anatero a Vero, akutolanso kapu ija. "Ngati ufuna zambiri, pita ku Ndirande ukafunse a Habibu atelala. Anakulira pa esiteti pomwepo. Tikakumana pamaliro amandiyang'ana ngati ali ndi mawu kukhosi."

Lachitatu nditaweruka kusukulu ndinapita. Shopu yawo ndinaipeza pakhonde lina kumtunda kwa msika. Makina amapalasa ndi mwana wawo wamkazi masiku ano. A Habibu eni ake anali pampando wa ndalema, kofia kumutu, maso ayamba kuchita nkhungu. Nditangotchula dzina la a Ambrosi analavulira pambali.

"Ndiwe mdzukulu wa kapitawo? Ukufuna zokoma kapena zoona?"

"Zoona, agogo."

"Khala pansi. Zoona sizimvedwa chiimirire." Anakhosomola. "Thangata umaidziwa? Osati ya m'mabuku anu. Anthu a Chilomwe, amene ena ankawanyoza kuti Anguru, ankathawa Apwitikizi kumalire uko, n'kufika kuno kupeza nthaka yonse ili m'manja mwa azungu. Mzungu ankati, manga kanyumba kako apa, koma ukhale ukundigwirira ntchito miyezi yomwe ndinene ine. Ukakana, nyumba akugwetsera, chimanga akuzulira chili chiwisi. Tsono mzungu sankazula yekha, ankaopa kudetsa nsapato. Ankazula ndi kapitawo. Agogo akowo dzanja lawo linali lopepuka pa chikoti. Bambo anga anapita kumanda ndi mizere itatu kumsana."

"Nanga a Muhaniwa?"

"Nyumba yawo ndi yathu zinkayang'anizana. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, iye mwina khumi ndi zisanu. Anali asanavinidwe n'komwe. Mvula itakana mu 1949, tinadya mango aawisi owiritsa, tinadya mizu, tinadya gaga wosesa pansi. Anthu ankagwa m'njira. Koma makapitawo ankalandira phoso ku ofesi sabata iliyonse. Bambo ake a Muhaniwa ana awiri atawafera, anapita kukagwada kwa Ambrosi. Ambrosi anati chimanga chilipo, koma musiye mtsikanayu azithandiza mayi kunyumba. Debe limodzi, mwanangu. Lija la palafini. Ndinaliona ndi maso angawa likutuluka pakhomo pa kapitawo, mtsikana akulowa."

"Debe limodzi?"

"Losadzadza n'komwe. Chimanga chitatha, makolo ake ananyamuka kubwerera kumalire kukafuna chakudya. Sanabwererenso, kaya anafera m'njira. Mtsikana anatsala alibe malume, alibe mlongo, alibe womunenera. Chaka chisanathe mimba inaoneka. Akazi a kapitawo ankamugoneka kukhitchini ndi mbuzi. Anabereka Veronica. Mimba yachiwiri ndiyo inamutenga, mu 1953. Tinakamuika kumapeto kwa manda a anthu obwera, patsinde pa mtengo wa mbawa, pafupi ndi kamtsinje. Operekeza tinalipo asanu ndi mmodzi. Ambrosi tsiku limenelo anapita kuntchito."

"Mandawo alipo?"

"Anadzalapo tiyi. Koma mbawayo ilipo, ndinaiona chaka chomwe tinakaika mphwanga." Anaweramira kwa ine. "Pali china. Debe lija litafika kwawo, amayi ake a Muhaniwa anatapa mbale imodzi n'kupatsa amayi anga. Ine ndinadya nawo phala lake. Ndili moyo lero, ndi ana, ndi zidzukulu, chifukwa cha mtsikana ameneyo. N'chifukwa chake ndikaona Veronica mawu amandikanika. Ndikamuuza kuti chiyani? Kuti ndinadya nawo amayi ako?"

Ndinatsanzika n'kutuluka mu Ndirande. Mumsewu ma minibasi akuimba mahutala, oitanira akukuwa, ine osamva kanthu. Ndinkangoona kabudula wa khaki uja amene timamupukuta fumbi Loweruka lililonse.

Loweruka lotsatira kunali msonkhano wa banja ku Bangwe. Abale anabwera kuchokera ku Machinjiri, ku Zingwangwa, ena ku Kameza. Nsalu za mwambo zinali zitafika, nkhope ya a Ambrosi itadindidwa paliponse, pansi pake mawu oti Tate wa Fuko Lathu. Anti Olive ankagawa potchula mayina. Analandira aliyense, mpaka mkazi wa msuweni wathu amene wangolowa m'banja chaka chatha. Mulu unatha.

"Ya a Vero ili kuti?" ndinafunsa.

"A Vero atsala pakhomo kuyang'anira miphika," anatero anti. "Nsalu ya chiyani, yoti akaidetse ndi mwaye?"

"Mwana yekhayo wa malemu amene ali moyo atsale ndi miphika?"

M'nyumba munachita phokoso. Achinyamata ankayang'anana, kusonyeza kuti ambiri ankamva koyamba. Akuluakulu ankayang'ana pansi, kusonyeza kuti iwo sikanali koyamba. Ndinawafotokozera zonse: buku la kumishoni, thangata, debe, mbuzi za kukhitchini, mtengo wa mbawa. Sindinasiye kanthu.

Dennis, mwana woyamba wa amalume, amene anasankhidwa kukhala woyendetsa mwambo, anadzuka. "Sisi Lilian, tamverani. Zimenezo ndi za m'nthawi ya atsamunda. Aliyense ankachita zoti apulumuke. Ife zikutikhudza bwanji? Tikufuna tikalemekeze agogo, tidye, tibalalike."

"Atsamunda anapita kale, Dennis. Amene akugoneka a Vero pa makala ndi atsamunda? Malaya wavalawo wasita ndani?"

Anakhala pansi.

"Wamva kwa ndani zonsezi?" anafunsa amalume. "Kwa telala wa ku Ndirande? Munthu woti si wa mpingo wathu, si wa mtundu wathu, maso sakuona? Kandimverere adakanena za m'maluwa."

"Maso sakuona lero, koma mu 1949 ankaona. Ndipo mlandu suwola, amalume. Mwakhala mukutiuza nokha."

"Mlandu wa ndani? Ukufuna tikafukule agogo tikawazenge?"

"Ndikufuna chinthu chimodzi chokha. Pa tsikulo a Vero atchulidwe kuti ndi mwana wa malemu, akhale kutsogolo, ayale nkhata ya ana. Basi. Sindikupempha nyumba, sindikupempha munda."

Amalume anavula magalasi n'kuwaika patebulo. Akavula magalasi ndiye kuti zafika pena. Anayankhula mofatsa, ndipo kufatsako n'kumene kunandiopsa.

"Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Kumanda kuja kudzabwera mpingo, kudzabwera anzanga amene ndinagwira nawo ntchito ku mafakitale a ku Makata zaka makumi atatu, kudzabwera apongozi a ana anga. Dzina la Ambrosi ndi limene latikweza tonse muno. Ukadzangotsegula pakamwa n'kutchula za debe, kapena kutchula Veronica ngati mwana, tsiku lomwelo a Vero atuluka pakhomo pano ndi kachikwama kawo. Ndikulumbira pali mayi anga a Agata. Tsono usankhe wekha: dzina papepala, kapena denga pamutu pawo."

Palibe anatsutsa. Azakhali ena a ku Machinjiri anangoti, "Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto," n'kuyamba kupinda nsalu yawo. Moto wake uti umene unazima pamenepo? Anthu makumi awiri, obatizidwa onse, kungoti chete ngati nkhuku zonyowa!

Ndinazungulira kuseri. A Vero anali pakhomo pa kachipinda kawo, akusankha nyemba m'lichero. Mawindo a nyumba ija alibe magalasi ena, choncho anali atamva zonse.

"Tiyeni kwanga ku Chilomoni," ndinatero. "Chipinda n'chimodzi koma tikwanamo."

"Nyumba ya lendi? Mawa akakusamutsa ntchito kupita ku Nsanje, udzandinyamula pamutu?" Anataya kamwala. "Fupa lokakamiza limaswa mphika, Lilian. Werenga zomwe akufuna. Ine ndazolowera."

"Kuzolowera si kuvomera."

"Ukadzafika zaka zanga udzandiuze kusiyana kwake."

Ndinakhala pa thumba la makala n'kuwauza zomwe ananena a Habibu. Zina anali atazimva kudzera pawindo, koma ndinafuna azimve zikunenedwa kwa iwo. Manja awo anapitiriza kusankha nyemba mpaka nditafika pa za manda. Pamenepo anaima.

"Ndiye pali malo? Ine ankandiuza kuti anatayidwa kutchire."

"Malo alipo. A Habibu anaperekeza nawo."

"Anati anali wooneka bwanji?"

"Sindinafunse."

"Mphunzitsi wanji wosafunsa zofunika?" anatero, n'kuweramiranso lichero. Dontho linagwera pa nyemba, iwo n'kulipukuta ndi chala msangamsanga.

Sabata imeneyo ndinalemba mbiri ija kachiwiri. Ndinachotsa debe, ndinachotsa chikoti, ndinachotsa mwana wachisanu. Ndinatumiza kwa amalume pafoni, iwo n'kuyankha kuti, "Wakula tsopano." Ndinadzida. Ndinaphunzitsa ana a sitandade sikisi za kuipa kwa thangata Lachinayi m'mawa, mawu akundituluka bwinobwino, pamene m'chikwama mwanga munali pepala lotamanda kapitawo.

Tsiku linafika. Dzuwa la Okutobala linali litakwiya kale pofika naini koloko. Kumanda kunadzaza anthu, onse mu nsalu ya nkhope ya a Ambrosi, amayi atamanga m'chiuno, abambo atasoketsa malaya. Chiliza chinali chitakutidwa ndi nsalu yoyera. Panali tenti, mipando ya pulasitiki, ndi chimkuzamawu chobwereka kutchalitchi. Chifukwa cha kutentha, anti Olive anasintha maganizo n'kulamula kuti thobwa libwere kumanda komweko. Ndi mmene a Vero anapezekera pamenepo: anakwera kumbuyo kwa pikapu atagwirira zidebe kuti zisatayike. Anaima kumbuyo kwa tenti, padzuwa, m'chitenje chawo chakale cha maluwa ofwifwa, chikho chotungira chili m'manja.

Akatekisiti anapemphera. Kwaya inaimba. Kenako Dennis anandiitana.

Ndinawerenga. Ndinati a Ambrosi anali munthu wolimbikira ntchito. Ndinati anali wokonda banja lake. Ndinati m'nthawi ya njala anathandiza ovutika. Pamenepo ndinakumbukira debe lija, koma ndinapitiriza. Ndinati anasiya ana anayi. Anthu anaomba m'manja, amalume akugwedeza mutu mokhutira. Kumbuyo kwa tenti sindinayang'aneko.

Nsalu yoyera inachotsedwa, amayi n'kululutira. Mwala wakuda wonyezimira, zilembo zagolide. Dennis anakonza tayi n'kukweza chimkuzamawu.

"Tafika pa kuyala nkhata. Monga mwa mwambo, timayamba ndi ana a malemu, kenako adzukulu, kenako zidzukulutudzi. Koma poti ana onse a malemu anatsikira kulichete, nkhata ya ana atiyalira ndi mdzukulu wamkulu, bambo Malizani."

Amalume anadzuka, nkhata yaikulu ya maluwa oyera ili m'manja.

"Dennis."

Mawuwo sanali okweza, koma anamveka manda onse. Anthu anatembenuka.

"Dennis, ine ndinafa liti?"

A Vero anali ataika chikho pa chidebe. Ankabwera pakati pa mipando, pang'onopang'ono, mapazi ali m'mapatapata.

"Ndikufunsa iwe, mwana amene ndinakuchotsa chimfine ndi pakamwa panga. Wati ana onse anatsikira kulichete. Maliro anga unalira liti? Unandiika manda ati?"

Anti Olive anadzuka nsalu ikumasuka. "Agwireni! Ndi ukalamba, mutu sukuyenda bwino. Abwezeni kugalimoto!"

Amuna awiri anasuntha. Apo ndiye ine china chake chinaduka m'kati. Ndinalanda chimkuzamawu m'manja mwa Dennis.

"Asawakhudze munthu! Mutu wawo uli bwinobwino, wodwala ndi ife. Zomwe ndawerenga zija ndanama, ndipo ndikupepesa pamaso pa Mulungu ndi pa mpingo. Malemuwa anasiya ana asanu. Wachisanu ndi uyu mukumuonayu, Veronica, wobatizidwa 1950, buku la kumishoni likuchitira umboni. Mayi ake anali Muhaniwa, mtsikana wa Chilomwe amene malemuwa anamutenga m'njala ya 1949 posinthana ndi debe la chimanga. Thandizo lija ndanena kuti ankathandiza ovutika, ndi limenelo!"

"Zimitsani chimenecho!" anakuwa amalume. Wina anazula waya, koma mawu anali atatuluka kale. Kwaya inali itaima kukamwa yasa. Anzawo a ku Makata ankanong'onezana. Akatekisiti anatseka buku lawo la mapemphero n'kunena kuti, "Asiyeni mayiwo adutse."

A Vero anafika pamaso pa amalume n'kutambasula manja. Amalume anagwiritsitsa nkhata ija, thukuta likutsika m'masaya. Anayang'ana kwa akazi awo, anayang'ana kwa mpingo. Kulimbirana maluwa ndi nkhalamba imene inakubereka kumsana, pamaso pa anthu mazana awiri, ngakhale iwo anaona kuti sizingatheke. Anaisiya.

A Vero anatembenukira ku chiliza, nkhata ili pachifuwa. Ine ndinasangalala: tsopano ayala, tsopano onse aona. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana zilembo zagolide zimene sadziwa kuwerenga, chifukwa pamene abale awo anayi aja ankapita kusukulu iwo ankatunga madzi.

"Ababa," anatero. "Ndakuitanani tsopano. Palibe wondithira phala."

Mayi wina m'kwaya anayamba kusisima.

"Ndakugwirirani ntchito muli moyo. Mutafa ndagwirira ana anu, ndagwirira adzukulu anu, ndi ana a adzukulu anu. Debe lanu lija ndalibweza, lakwana. Maluwa awa si anu. Inu muli ndi mwala, muli ndi nsalu, muli ndi kwaya. Amayi anga alibe ngakhale kamtengo kolembapo dzina."

Anatembenuka n'kuyamba kuyenda kulowera kuchipata, nkhata ili m'manja. Anthu anapatuka okha kuwapatsa njira.

"A Vero!" Mawu a amalume anali atasasa. "Mukatuluka pachipata chimenecho ndi nkhata imeneyo, pakhomo panga musadzapondeponso!"

A Vero anaima, n'kucheuka pang'ono.

"Madzi osamba uzidziikira wekha pamoto, Malizani. Wakula."

Ndinamasula nsalu ya nkhope ya kapitawo m'chiuno mwanga, ndinaisiya pampando, n'kuwathamangira. Ndinawapeza kunja kwa chipata ataima m'mphepete mwa msewu, akupuma mwabefu, akuyang'ana uku ndi uku ngati mlendo. Nkhata inali idakali m'manja.

"Lilian, za ku Thyolo timakwerera pati? Chichokereni ndili mwana sindinabwerereko."

"Ku Limbe, agogo."

Anandiyang'ana nditawatchula kuti agogo. Anangondipatsa mkono kuti ndiwagwire.

"Tiye msanga," anatero. "Dzuwali likuwotcha, maluwawa angafote amayi asanawaone."